Zilembo Zotupa pa Sikipa: Nkhani ya Inki ndi Moto

 Moni a ku Petauke boma, a ku Minga, a kwa Kalindawalo, kwa Mumbi ndi kwa Mwanjawanthu. Moni a ku Nyimba, ku Kacholola, kwa Ndake, kwa Luembe mpaka kwa Nyalugwe kuchigwa uko. Abale anga a Chinsenga, muli tyani? Takulandirani ku pulogalamu yathu ya ntchito zamanja.

Ndiyambe ndi kapempho. Ngati mwavala sikipa yolembedwa, imene ena amati tisheti, kapena mwana wanu waivala pomwepo, tayendetsani chala pa zilembozo. Mukumva chiyani? Zina n'zosalala, moti simungadziwe pamene nsalu yathera ndi pamene cholembedwa chayambira. Zina zili ngati kapulasitiki komatidwa pamwamba. Koma pali zina zotukuka, zofewa ngati siponji, zoti ngakhale mumdima mungaziwerenge ndi chala. Lero tikamba za zimenezo: inki imene imatupa, inki yonyezimira, inki yokhakhala, ndi mmene munthu wosindikiza zovala kuno kwathu angaigwiritsire ntchito osaononga ndalama zake ndi za makasitomala ake.

Inu amene simusindikiza musazime wailesi, chifukwa ndinu ogula. Ndani mwa ife amene sanasonkhepo ndalama ya masikipa? Kwaya ikafuna kuoneka bwino pa msonkhano, masikipa. Timu ya mpira ya m'mudzi, masikipa. Ana a Giredi 12 akamatsazikana, amayi pa tsiku lawo la 8 Malichi, achinyamata pa 12 Malichi, dziko lonse pa tsiku la ufulu la 24 Okutobala, ngakhale opita ku mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, onsewo amafuna chovala cholembedwa. Ndiye nkhaniyi ndi ya tonse.

Tiyenda motere. Poyamba tikumbutsana mmene kusindikiza kumachitikira. Kenako tiona mitundu ya inki imeneyi. Tikatero tikhala nthawi yaitali pa moto, pakuti mwini nkhani ndi moto. Pomaliza ndilankhula ndi inu ochapa ndi kusita.

Kusindikiza kumene tikukamba kumafuna sefa. Inde, sefa, yofanana ndithu ndi ija amayi amasefera ufa: fulemu yamatabwa yokungidwa kansalu ka timabowo. Wosindikiza amapaka pa sefayo mankhwala otchedwa emulsion, amene amauma gwa akaona kuwala. Amaika pamwamba pake chithunzi chakuda cha zilembo zimene akufuna, n'kuonetsa sefayo ku dzuwa kapena ku getsi kwa kanthawi. Pamene kuwala kwafika, mankhwala amalimba n'kutseka mabowo. Pamene zilembo zinaphimba, mankhwala amatsukika ndi madzi, mabowo n'kutsala otseguka. Akatero amagoneka sefa pa sikipa, amathira inki, n'kuikoka ndi chopalira cha labala chimene amachitcha sikwiji. Inki imadutsa pamene pali potseguka pokha. Basi, chinsinsi chonse n'chimenecho. Luso limeneli si la dzulo. Mu 1907 munthu wina wa ku Manchester ku England, Samuel Simon, analembetsa kuboma njira yosindikizira ndi sefa ya silika. Lero silika anasiyidwa, masefa ndi a poliyesitala, koma nzeru yake idakali yomweyo.

Tsopano za inki. Pali mabanja awiri akuluakulu. Banja loyamba ndi inki yamadzi, imene imalowerera m'nsalu ndipo imauma yokha ikaombedwa mphepo. Ubwino wake ndi wakuti chovala chimakhala chofewa, komanso sefa mumatsuka ndi madzi wamba. Vuto lake amalidziwa bwino amene anasindikizapo ku Nyimba mwezi wa Okutobala: mukangocheuka kuyankha foni, inki yaumira m'sefa, mabowo atsekeka. Banja lachiwiri ndi plastisol. Imeneyi ndi pulasitiki yosungunuka, yolimba ngati phala la mwana. Plastisol siuma yokha. Mutha kuisiya pa sefa usiku wonse, m'mawa mudzaipeza idakali yaiwisi. Kuti igwire nsalu imayenera kupsa, ndipo mitundu yambiri imapsa pa madigiri pafupifupi 160. Nambala imeneyi yokha ndiyo ndikupemphani musunge lero. Madzi amawira pa madigiri 100, ndiye mukuona kuti dzuwa la pa Luangwa, ngakhale liwale motani, silingaipsetse.

Inki yotupa, imene m'masitolo amaitcha puff, imapezeka m'mabanja onse awiri. Nthawi zina imabwera yosakaniza kale, nthawi zina mumagula mankhwala ake padera n'kusakaniza ndi inki imene muli nayo, monga mwa muyeso wolembedwa pachitini. Mmene imagwirira ntchito amayi aimva msanga. Mukamaphika chikondamoyo mumathira soda, ndipo chikamva moto chimafufuma. Mu inki imeneyi namonso muli mankhwala amene akamva kutentha amapanga timpweya tambirimbiri m'kati, inki n'kudzuka. Mukangochotsa sefa, zilembo zimaoneka zafulati ngati zina zonse. Moto ukafika, zimatukuka inu mukuona. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka ndekha ngati mwana.

Pali abale ake enanso. Ina amaitcha high density: iyi sifufuma, koma imaunjikidwa mochindikala, zilembo n'kuima ndi m'mbali mwakuthwa ngati zodulidwa ndi lezala. Imafuna emulsion yochindikala kwambiri pa sefa ndi dzanja lozolowera, choncho amene mukungoyamba kumene, ilekeni kaye. Ina amaitcha suede, imangodzuka pang'ono n'kumamveka ngati chikopa chofewa. Ina ndi glitter, ya tizidutswa tonyezimira, imene ana a ku nasale amaikonda pa tsiku lawo lotsazika. Palinso ya gel, yooneka ngati yonyowa nthawi zonse, ndi ina imene imawala mumdima ikakhala kuti yaona kuwala masana. Koma pa zonsezi, imene munthu wa pa Petauke kapena pa Nyimba angayambe nayo mosavuta ndi yotupa ndi yonyezimira.

Musanaitanitse chitini ku Lusaka, imvani izi. Sefa imene mumasindikizira inki wamba siyenera ntchito iliyonse. Ganizani za sefa ya ufa woyera ndi chosefera mchenga cha omanga nyumba. Inki yotupa imafuna sefa ya mabowo aakulu kuti idutse yambiri, chifukwa ikakhala yochepa ilibe chotupa. Yonyezimira imafuna mabowo aakulu koposa, apo ayi madzi ake okha ndiwo adzadutsa, tonyezimirato n'kutsalira pamwamba pa sefa ngati gaga. Pogula, muuzeni wogulitsayo inki imene mukufuna kugwiritsa ntchito kuti akupatseni sefa yake. Ndipo pokoka sikwiji musakanikize ngati mukupala thabwa. Inki yotupa imafunika kukhala pamwamba pa nsalu, osati kukankhidwira m'kati. Ena amamata kandalama kachitsulo kunsi kwa ngodya za fulemu kuti sefa isagone pa sikipa, izingoikhudza pamene sikwiji ikudutsa. Ndi nzeru yotchipa, koma imathandiza.

Chinanso chimene ambiri amachiphunzira ataluza kale: inki imeneyi situpira m'mwamba mokha, imatupiranso m'mbali. Mukalemba tizilembo ting'onoting'ono, vesi lonse la m'Baibulo kapena maina a mamembala onse a kwaya, mabowo a zilembo monga "a" ndi "e" adzatsekeka, zonse n'kusanduka phala. Komanso mtundu umafooka. Chofiira kwambiri chikatupa chimayera pang'ono, chifukwa utoto womwewo wamwazikira m'malo aakulu. Kasitomala muuziretu zimenezi asanapereke ndalama.

Apa ndinene maganizo anga, ena atsutsa. Ine ndimaona kuti osindikiza ambiri akangoidziwa inki yotupa amaledzera nayo. Amafuna chifuwa chonse chitupe, msana wonse utupe. Abale, kuno ndi kotentha. Inki yochindikala sipitsa mphepo. Mnyamata wosewera mpira masana a Novembala, mwam'mata chigamba chachikulu pamsana, thukuta lidzera kuti? Mchere umakometsa ndiwo, koma palibe amene amadya mbale ya mchere. Tupitsani dzina la timu, kapena mawu amodzi, kapena kachizindikiro ka pachifuwa. Zotsalazo sindikizani ndi inki wamba. Chovala chimaoneka chapamwamba, inki yodulayo imakhalitsa, ndipo wovala amapuma.

Amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za inki imene imatupa pa masikipa, ndipo tsopano tafika pa mwini nkhani, moto.

Tiyeni tipite pamsewu waukulu pa Nyimba, pamene mabasi amaima anthu n'kumagula nthochi. Pafupi pali mayi akukazinga vitumbuwa. Mafuta akapanda kutentha bwino, chitumbuwa chimamwa mafuta, sichifufuma. Mafuta akatenthetsa, kunja kumada msanga koma m'kati muli ufa wauwisi. Inki yotupa ndi chimodzimodzi. Moto ukachepa, imatupa pang'ono kapena imatupa pamwamba pokha, pansi pamene yakhudzana ndi nsalu isanapse. Moto ukapitirira, imatupa kenako n'kuphwa, zilembo n'kukwinyika ngati nkhope ya agogo, nthawi zina sikipa n'kuwauka. Ndipo chifukwa inki imeneyi ndi yochindikala, kutentha kumatenga nthawi kuti kufike pansi. Choopsa chili apa: kutupa si umboni wakuti yapsa. Ndibwerezenso, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimathera. Kutupa si umboni wakuti yapsa.

Ndinaziona ndi maso anga. Chaka china kwaya yathu inasonkha ndalama, tinapereka ntchito kwa mnyamata wina waluso ndithu. Masikipa anabwera okongola, zilembo zoyera zotukuka pa nsalu yabuluu, aliyense akufuna kugwira. Tinaimba nawo Lamulungu limodzi. Atangochapidwa kawiri, zilembo zinayamba kung'aluka n'kumagwa ngati makoko a dzira. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamatayo sanatibere. Inki inali yabwino, dzanja linali labwino, koma ankathamangira kuti amalize magetsi asanathime, ndiye sikipa iliyonse anaipatsa moto wongokwanira kuitupitsa. Anabwereza ntchito yonse ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo mpingo woyandikana nawo umene unkafuna kum'patsa ntchito unabwerera m'njira.

Nanga moto umenewu tiutenga kuti? Mafakitale aakulu ali ndi uvuni wa lamba woyenda, sikipa imalowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo itapsa mofanana. Ife ambiri tilibe. Chimene ambiri amakwanitsa kugula ndi heat gun, kamakina kofanana ndi choumitsira tsitsi ku saluni koma kotentha kwambiri. Choumitsira tsitsi chenichenicho musavutike nacho, moto wake sufika. Heat gun imagwira ntchito, koma imafuna kudekha. Musaiimike malo amodzi, muziiyendetsa mozungulira pang'onopang'ono, motalikirako ndi nsalu, ndipo zilembo zikatupa musathawe pomwepo, pitirizani kanthawi kuti pansi papse. Amene muli ndi heat press, makina opanikiza aja, samalani: mukatsitsa chivundikiro mpaka kupanikiza, mwaphwanya zimene mumafuna zitupe. Chiimikeni pamwamba pang'ono osakhudza inki. Nsimbi yamakala ndi yabwino pa zambiri, koma kutentha kwake kumakwera n'kutsika monga mwa makala, ndiye pa oda ya masikipa makumi asanu ine sindingakulimbikitseni. Uvuni wophikira buledi nawonso ayi, osaikamo plastisol. Utsi wake si wa pa chakudya. Ndipo pogwira ntchito tsegulani mawindo, ana akasewere panja.

Pakuti tilibe makina otiuza kuti yapsa, tidziwa bwanji? Yesani kaye. Pitani pa salaula, mugule sikipa yakale ya nsalu yofanana ndi imene mukufuna kusindikiza, muidule tizidutswa. Sindikizani pa kachidutswa, kapatseni moto uku mukuwerenga nthawi, kasiyeni kazizire. Kenako kokani nsaluyo pang'ono ndi manja awiri. Inki yakupsa imatambasuka limodzi ndi nsalu n'kubwerera. Yaiwisi imang'aluka, ndipo mukaikanda ndi chikhadabo imanyotsoka. Musakoke ngati mukulimbana ndi ng'ombe, chifukwa yotupa mwachibadwa sitambasuka kwambiri ngati inki wamba. Mukatero chapani kachidutswako ndi sopo katatu kapena kanayi, monga mmene amachapira kunyumba, osakanyengerera. Kakapirira, lembani m'kabuku mmene munachitira: mtunda wa heat gun, nthawi, muyeso wa mankhwala. Kabuku kameneko ndiko mphunzitsi wanu. Kachidutswa ka salaula n'kotchipa kuposa masikipa makumi asanu ochokera ku Kamwala ku Lusaka.

Nyengo nayo imalowererapo. Nthawi ya mvula nsalu ya thonje imasunga chinyezi ngakhale ikuoneka youma, ndipo chinyezicho chimaba moto umene unayenera kupita ku inki. Iwambeni kaye sikipa pang'ono musanasindikize. Nthawi yotentha samalani chitini. Plastisol ikakhala pamalo otentha kwambiri, pawindo la shopu ya malata kapena m'galimoto yotsekedwa padzuwa, imayamba kulimba m'chitini momwemo, ndipo ikalimba sibwereranso. Isungeni pansi, pamthunzi, yotsekedwa bwino.

Ndisaiwale za majezi a mpira. Ambiri ndi a poliyesitala, osati thonje. Nsalu imeneyi ikatenthedwa kwambiri, utoto wake umanyamuka n'kulowa mu inki. Musindikiza nambala yoyera pa jezi yofiira, lero ioneka yoyera, pakapita masiku angapo yasanduka yapinki, anyamata a timu akubwera ndi nkhope zokwiya. Ya poliyesitala ili ndi inki yakeyake, imene imatchinga utoto ndipo ina imapsa pa moto wocheperako. Funsani pogula. Ndipo apanso, yesani kaye.

Wina afunsa kuti, kodi zonsezi n'zotheka kumudzi kuno? Kwerani basi mupite ku Mfuwe. Kumeneko kuli Tribal Textiles, imene yakhala ikukongoletsa nsalu ndi manja kuyambira 1991. Njira yawo ndi ina, amajambula ndi phala la ufa, kuyanika padzuwa, kupaka utoto, kenako kutenthetsa nsalu mu uvuni kuti utoto ugwire, ndipo katundu wawo amagulidwa mpaka kunja kwa dziko. Ndi anthu a m'chigawo chathu chomwechino cha Kum'mawa. Onani kuti nawonso sathawa moto.

Pa mtengo ndingonena mwachidule. Sikipa ya zilembo zotupa isagulitsidwe mofanana ndi ya inki wamba. Werengerani inki, magetsi, nthawi yotalikirapo, ndi imodzi kapena ziwiri zimene zidzaonongeka. Inunso ogula, musam'panikize wosindikiza kuti mukufuna masikipa mawa m'mawa pamene mwabweretsa oda lero madzulo. Pemphani chitsanzo chimodzi, mukachichape kunyumba, mukakhutira ndiye asindikize onse.

Tsopano ndilankhule ndi inu ochapa ndi kusita, chifukwa ntchito yabwino imatha kufera m'manja mwanu. Kuno timachapa mwamphamvu. Timafikisa, timakwecha ndi burashi, ena timamenyetsa pamwala kumtsinje. Buluku la kumunda limapirira zimenezo, zilembo zotupa ayi. Tembenuzani sikipa, zilembo zikhale m'kati, chapani ndi madzi ozizira, osakwecha pa cholembedwa, osafinya mopotokola ngati chikolopa. Yanikani ili chitembenukire. Kusita sitingakuleke, tonse tikudziwa za ntchentche zija zimene zimaikira mazira pa zovala zoyanikidwa panja n'kutibweretsera mphutsi pakhungu, makamaka kwa ana. Sitani ndithu, koma sitirani kunsi, sikipa ili chitembenukire, ndipo pofika pa zilembo musakanikize, musaimikepo nsimbi. Nsimbi yotentha ikagunda plastisol mwachindunji, inki imasungunuka n'kumatirira ku nsimbi, ndipo chovala chotsatira, mwina shati yoyera ya abambo ya kutchalitchi, chidzalandira zotsalazo.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyireni funso loti mukambirane pomwe mwakhalapo. Masikipa amene gulu lanu linasindikiza chaka chatha, alipo angati amene zilembo zake zikuwerengekabe? Ngati anang'aluka, kodi vuto linali moto wa wosindikiza, kapena burashi ndi nsimbi za kunyumba? Tilembereni kapena tiimbireni foni, tidzawerenga mayankho anu sabata yamawa nthawi ngati yomweyino. Ndipo inu achinyamata osindikiza, musanalandire oda ina, pitani pa salaula mukagule sikipa imodzi yoyeserapo.